Kope Lachiwiri la a Lembani

Mlendoyo anafika mkangano utapsa kale. Anali mayi wamtali, wovala suti yotuwa, chikwama chofiira chili m'khwapa. Anaodira kamodzi, chapansipansi, ndipo palibe anamumva. Anangoima pakhomo la pabalaza, pamene kale pankalendewera katani, n'kumayang'ana m'nyumbamo ngati munthu amene akuwerenga kalata yomwe akuidziwa kale.

Zoti n'kuyang'ana zinalinso zochepa. Pabalaza pa Atelala, mayi wosoka zovala mwini nyumbayo, panali patatsala mpando umodzi wapulasitiki, tebulo lopendekera, ndi mizere ya pasimenti yosonyeza pamene pankakhala masofa, firiji ndi kabati. Pakona ya kuzenera panali timadontho tinayi ta dzimbiri, pamene miyendo ya makina osokera inaima zaka khumi ndi zinayi. Atelala ankasesa nyumba yonse m'mawa uliwonse, koma pakona imeneyo tsache ankalilambalalitsa.

Pampando umodziwo panali patakhala alamu awo, mkulu wake wa malemu amuna awo. Anali ndi sitolo ya penti kumsika, ndipo msika wonse unkawatcha a Mutuwabanja, chifukwa sankatha kupempha ngakhale madzi akumwa osayamba ndi mawu akuti "ine monga mutu wa banja." Pabondo pawo panali fomu ya inshuwalansi. Atelala anali chiimire, ataphatika msana kukhoma.

"Alamu, sainani apa basi," anatero a Mutuwabanja. "Zolemba zonse ndakuthandizani kale. Akuba analowa tsiku la maliro, tonse tili kumanda, n'kusesa nyumba. Chovuta n'chiyani pamenepa?"

"Chovuta n'choti akubawo ndinawaphikira tiyi," anayankha Atelala. "Anabwera ndi lole patangotha masiku anayi titaika maliro. Wamkulu wawo anandipemphanso chingwe chomangira firiji."

A Mutuwabanja anapukusa mutu mwachisoni, monga achitira munthu amene akuphunzitsa mwana wosamva. Anafotokoza, kachitatu tsiku limenelo, kuti katundu wa mng'ono wawo ndi wa banja, ndipo iwo anangomusunga kuti asaonongeke ndi misozi. Mng'ono wawoyo anali atalipira inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba kwa zaka zisanu ndi zinayi popanda kubedwa ngakhale supuni, ndiye kampaniyo ingodya yokha? Chinali chilungamo chimenecho? Mkazi wamasiye akangosaina, makina osokera abwerera madzulo omwewo. Akakana, mwezi ukamatha makinawo apita, poti wogula analipo kale.

Atelala anayang'ana pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Pamenepo panalendewera diresi laukwati la mwana wa namwino wamkulu, lopanda manja, lodzaza mapini. Ukwatiwo unali utatsala milungu itatu. Makina amenewo ndiwo ankadyetsa ana awo awiri, ndipo telala akakhumudwitsa mkwatibwi, tauni yonse imamva asanavule n'komwe chophimba kumaso.

"Ndikasaina bodza, wokamangidwa ndine," anatero.

"Amamanga munthu wolira? Inu mukangolira bwinobwino, ine ndiyankhula."

Apa ndi pamene anatembenuka n'kuona mlendo uja. A Mutuwabanja sankayamba kuyang'ana munthu kumaso, ankayambira nsapato. Anaona nsapato zachikopa zenizeni, kenako suti, kenako chikwama chofiira, kenako kabuku ndi cholembera m'dzanja. Pofika pakhosi anali atamaliza kale kumudziwa munthuyo. Sabata yathayo anali ataimba foni ku kampani ya inshuwalansi, ndipo anauzidwa kuti kubwera munthu wodzaona. Anadzuka msangamsanga, napukuta mpando ndi chipewa chawo.

"Bwana, takulandirani. Mwatipeza tikulira. Khalani apa, ndi mpando wokhawu umene anthu oipa aja anatisiyira."

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali ndithu. Anakhala pampando paja, natsegula kabuku kake.

"Pitirizani," anatero. "Ndikumvetsera."

A Mutuwabanja anapitiriza kwa ola lathunthu. Anatchula katundu yense wobedwayo mmodzimmodzi, ndipo panalibe chimene anaiwala: masofa atatu, kabati yagalasi, wailesi, njinga, simbi, mapoto asanu ndi limodzi, ndi firiji yoyera yokhala ndi chibonyongo pachitseko chakumunsi. Atelala anazizwa. Firiji yawo inatuluka m'nyumba muja ilibe chibonyongo. Inachipeza pogunda chitsulo cha lole. Mlendoyo analemba zonse, osafunsa funso. Atapatsidwa fomu ija, anaibweza.

"Ine sindingalandire zimenezi. Ngati mukufuna kuzipereka, kaperekeni nokha ku ofesi."

A Mutuwabanja anagwedeza mutu mosilira. Anauza Atelala chonong'ona kuti awa ndiwo mabwana enieni, osagwira pepala ndi manja awo. Poti mlamu wawo anali wouma mutu, anati asaina okha monga woyang'anira chuma cha malemu. Anatuluka akuimba kamluzu.

Atatsala awiri, mlendoyo anadzuka n'kupita pakona ya kuzenera. Anagwada, suti yonse ija, nakhudza timadontho ta dzimbiri tija ndi chala.

"Anali pano?" anafunsa.

Atelala anavomera. Kenako anaona chinthu china. Chikwama chofiira chija chinali chitayasama pampando, ndipo m'kati mwake munali mtolo wa maenvulopu akhaki omangidwa ndi kalamba. Zilembo za pamwamba pake anazidziwa monga ankadziwira phazi la mwamuna wawo pakhonde: zopendekera kumanja, zowerengeka ngati za m'buku.

Malemuyo anali kalaliki wa m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo ntchitoyo ankabwera nayo kunyumba. Anthu ankawatcha a Lembani. Chilichonse cholowa m'nyumba mwawo, kaya ndi ketulo, kaya ndi ambulera, ankachitembenuza chagada, kuwerenga nambala ya pansi pake, n'kulemba m'kope: dzina la chinthu, tsiku logula, nambala, mwini wake. Lisiti ankalimata patsamba lomwelo. Pa zinthu zopanda nambala ankazokotapo yawoyawo ndi msomali, pamalo osaoneka. Abale ankaseka kuti tsiku lina adzatembenuza mkazi wawo kuti aone nambala. Chaka chilichonse mu Januwale ankakopera kope lonselo pamapepala, n'kupita nawo ku positi. Ankati a inshuwalansi amalangiza kuti kope lachiwiri lizikhala kunja kwa nyumba, chifukwa moto sudziwa kuwerenga, umapsereza katundu ndi mndandanda wake womwe. Atelala akafunsa kuti mapepalawo amapita kwa yani, a Lembani ankangomwetulira n'kunena kuti kwa munthu wokhulupirika.

Zaka zisanu ndi zinayi Atelala anamuganizira munthu wokhulupirikayo. Ankamuveka nkhope zosiyanasiyana akamasoka. Tsopano ndi uyu anali atagwada pabalaza pawo, wamtali, wonunkhira sopo wodula.

"Ndiye ndinu," anatero Atelala. "Simuli wa inshuwalansi."

"Sindinanene kuti ndine wa inshuwalansi."

"Nanga ndinu ndani kwa mwamuna wanga?"

Mayiyo anaimirira, nasasa fumbi m'mawondo. Maso ake anali atafiira. Anati anamva za malirowo mochedwa, ndipo anabwera kudzapepesa basi, koma zimene anamva ali pakhomo zinamuchititsa kuti aike chipepesocho pambali kaye. Anapempha zinthu ziwiri: kuti Atelala asasaine kalikonse, ndiponso kuti asamufunse dzina mpaka makina atabwerera pakona paja.

"Kope loyamba lili kuti?" anafunsa akunyamula chikwama.

"Linapita ndi kabati. Akazi awo a alamu anakolezera mbaula."

"Moto sudziwa kuwerenga," anatero mlendoyo, ndipo Atelala anamva ngati wawabaya ndi singano, chifukwa anawatchula mawuwo mmene mwiniwake ankawatchulira.

Sabata imeneyo Atelala anasoka diresi lija pamanja, mpaka zala zinatupa. Ankati akabaya nsalu, akubaya suti yotuwa. Komabe mlendoyo atabweranso Lachisanu, atanyamula shuga ndi buledi wa ana, Atelala anapezeka kuti amupatsa mpando. Sanayankhulane zambiri. Mayiyo anagwirira mpendero wa diresi pamene Atelala ankadula, ndipo anaugwira ngati munthu amene anakulira pafupi ndi nsalu.

Sabata yachiwiri a Mutuwabanja anaganiza zoti bwana wa inshuwalansi ayenera kudyetsedwa. Anali atakapereka fomu ija ku ofesi, yosainidwa ndi dzanja lawo, ndipo ankati mlendo ndi mame, umamunyambita kusanatenthe. Anaitana mayiyo kunyumba kwawo Lamlungu masana. Anaitananso Atelala, n'kuwalangiza kuti avale zakuda ndipo azilira akamva iwo atsokomola.

Akazi awo ndiwo anali ndi mantha. Anafunsa ngati kunali kwanzeru kulowetsa munthu wotero m'nyumba mmene munali katundu yemwe uja. A Mutuwabanja anawaseka. Anati chinthu chimadziwika ndi mtundu wake, ndipo pa nkhani ya mitundu palibe angawaphunzitse. M'sitolo mwawo munali zitini khumi za penti wobiriwira amene anakanika kugulidwa kwa zaka zitatu. Tsopano ntchito yake inali itapezeka.

Atelala atalowa pabalaza pa alamu awo, anaiwala zolira. Firiji inali yobiriwira. Kabati inali yobiriwira, ndi galasi lomwe linali ndi madontho. Njinga inali yobiriwira mpaka belu. Masofa anawaveka nsalu yamaluwa, koma miyendo yake inali yobiriwira. Nyumba yonse inkanunkha tinala wosungunulira penti, moti nkhuku imene anapha inkamveka ngati anaikazinga m'sitolo. Ndipo pakona, pansi pa nsalu yoluka ndi vazi ya maluwa apulasitiki, panaima makina awo, obiriwira ngati chule.

"Ife timakonda mtundu umodzi," anatero a Mutuwabanja monyada. "Ndi chizindikiro cha umodzi m'banja."

Mlendoyo anayamikira. Anapempha pobayira foni yake, ndipo atauzidwa kuti soketi ili kuseri kwa firiji, anakana kuthandizidwa, nakankha yekha firijiyo. Anakhalako kanthawi kuseriko. Kenako cholembera chake chinagwera pansi pa sofa, ndipo anachitola atagona chammbali. Anasilira wailesi, naitembenuza kuti aone kumene inapangidwa. Anafunsa ngati njinga ija inali yolimba, naipendeketsa. Chilichonse akachigwira, ankalemba kanthu m'kabuku kake. A Mutuwabanja ankatsinzinira akazi awo diso: bwana wakopeka, mwina akufuna kutilembetsa ifenso.

Atafika pa makina, mayiyo sanawatembenuze. Anangochotsa vazi ija, naika dzanja pagudumu, nalizungulitsa pang'onopang'ono. Makinawo analira kamodzi, kulira kwawo kwakale kuja. A Mutuwabanja anatsokomola kuti Atelala ayambe kulira, koma misozi inali itayamba kale yokha, ndipo siinali ya Atelala okha.

"Penti ameneyu amalowa m'maso," anatero mlendoyo, akupukuta.

Pobwerera anayenda limodzi mpaka pamphambano ya kumsika. Atelala anati sakumvetsa chimene mayiyo ankafuna. Ngati anali mkazi wachiwiri, anene, poti wakufa sachitiridwa nsanje. Mlendoyo anaseka koyamba chibwerere. Anati a Lembani anali ndi mkazi mmodzi, ndipo m'kalata iliyonse ankamutchula kawiri kapena katatu, mpaka kufika potopetsa. M'kope lawo, pa mzere wa mwini wake, pafupifupi paliponse analembapo kuti "mkazi wanga."

"Pafupifupi?" anafunsa Atelala.

"Kupatula tsamba loyamba," anatero mlendoyo, nakhotera njira ya kunyumba ya alendo.

Wa inshuwalansi weniweni anabwera Lachitatu la sabata yachitatu, cham'ma teni koloko. Anali bambo wamfupi, wotopa, wa jekete lofumbira, pa njinga yamoto yotsokomola. A Mutuwabanja, amene anali atabwera kudzakumbutsa Atelala kuti mwezi watsala masiku atatu, anamuyang'ana nsapato n'kumuuza kuti ngati akugulitsa mankhwala a makoswe apite nyumba ina. Bamboyo anatulutsa chiphaso cha ntchito ndi fomu ija, ili ndi chidindo cha ofesi.

"Koma bwana wanu anabwera kale," anatero a Mutuwabanja, akuloza mlendo uja, amene anali atakhala pakhonde akuthandiza kumata mikanda pa diresi.

Bamboyo anamuyang'ana mayiyo n'kunena kuti sanamuonepo chibadwire.

"Ndinakuuzani liti kuti ndine wa inshuwalansi?" anafunsa mlendoyo mofatsa. "Munandipatsa mpando, ndinakhala. Munandipatsa nkhuku, ndinadya. Ntchito munandilemba nokha."

Anatsegula chikwama chofiira, natulutsa envulopu ya Januwale wapitayo, naipereka kwa wa inshuwalansi. Pamwamba pake anaikapo kabuku kake. Bamboyo anakhala pamasitepe, navala magalasi, nayamba kufananitsa ndi chala. Kutopa kunayamba kumuchoka. Anati pa zaka makumi awiri za ntchito yake anali asanaonepo mndandanda waukhondo chonchi, ndipo anthu onse akanamalemba ngati malemuwa, iye bwenzi akuweruka masana. Kenako anawerenga mokweza nambala ya firiji ya m'kope la a Lembani, ndi nambala imene mayiyo anakopera kuseri kwa firiji yobiriwira. Anachita chimodzimodzi ndi wailesi, njinga ndi simbi. Pansi pa sofa panali zilembo za msomali. Zonse zinagwirizana ngati mabatani ndi mabowo ake.

"Zangofanana," anatero a Mutuwabanja. "Zanga n'zobiriwira."

"Bambo, nambala saipaka penti," anayankha wa inshuwalansi. "Tsopano tithandizane. Pafomu pano mwasaina kuti katunduyu anabedwa. Ngati anabedwadi, nkhani yabwino ndi yoti tampeza, ndipo nyumba ya wakubayo tikuidziwa, ndingoimbira apolisi. Ngati sanabedwe, ndiye kuti mwanamiza kampani ndi siginecha yanu, ndipo ndingoimbiranso apolisi. Musankhe nokha, foni ndi imodzi yomweyi."

Anthu oyandikana nawo anali atayamba kutulukira pampanda, wina ndi mswachi m'kamwa, wina ndi mwana kumsana. A Mutuwabanja anavula chipewa, nachivalanso. Anatembenukira kwa Atelala ndi nkhope imene anali asanaionetsepo.

"Alamu, chibale n'fupa, sichiola. Auzeni kuti ndinangosunga."

Atelala anaika singano pansi. Kwa milungu isanu anali akuyankhula chapansipansi m'nyumba yawo yomwe, ndipo mawu awo atatuluka anadabwa nawo okha.

"Munandiuza kuti ine ndizilira, inu muziyankhula. Yankhulanitu, alamu. Mapanga awiri avumbwitsa. Munafuna katundu, munafunanso za inshuwalansi, ndipo kundende mukanatumizako ine. Wosunga amabweza. Dzuwa likamafika pamtengo uwo, ndione lole pakhomo pano. Chingwe changa chomangira firiji chibwerenso."

Wa inshuwalansi anati ngati mwini katundu wanena choncho, ndipo a Mutuwabanja alemba kalata yochotsa pempho lawo lija, iye akapereka lipoti loti katunduyo wapezeka. Zotsala akaweruza ndi a ku ofesi. Koma anati sachoka mpaka ataona ndi maso ake. Anapempha madzi akumwa, nakhazikika bwino pamasitepe.

Lole inafika cham'ma thili koloko, ndipo inadutsa pakati pa msika chifukwa njira ina kunalibe. Ogulitsa anasiya makasitomala n'kuima m'mbali mwa msewu kuonerera phiri lobiriwira likuyenda, a Mutuwabanja ali pamwamba atakumbatira firiji. Wometa tsitsi anafunsa ngati tsopano ayamba kugulitsa penti wopakapaka kale. Akazi awo a Mutuwabanja sanabwere. Anatumiza mapoto asanu, lachisanu ndi chimodzi n'kunena kuti lili pamoto.

Katundu anatsitsidwa mmodzimmodzi, wa inshuwalansi akuchonga pamndandanda. Chilichonse chinabwerera pamzere wake wa pasimenti. Koma pakona ya kuzenera panakhalabe timadontho tinayi ta dzimbiri. Makina anatsala m'lole, ndipo a Mutuwabanja anakhala pambali pake, dzanja lili pamwamba.

"Awa okha ayi," anatero, mawu awo akale atabwerera pang'ono. "Awa sanagule ndi mng'ono wanga. Anali a mayi athu otibereka. Alibe lisiti. Funsani kope lanulo ngati ndikunama. Ine monga mutu wa banja, za mayi anga ndi zanga."

Zinali zoona. Makinawo Atelala anawapeza m'nyumbamo pokwatiwa, ndipo a Lembani ankangoti asokereni, mwini wake sangadandaule. Firiji, masofa, kabati, zonsezo akanatha kukhala popanda. Anayang'ana diresi lija, manja ake akadali pamapini, ukwati utatsala masiku atatu.

Wa inshuwalansi anabwerera ku tsamba loyamba. Anawerenga pang'onopang'ono, poti zilembo zake zinali zazing'ono: makina osokera opalasa ndi phazi, akuda, anali a malemu mayi, mayi asanamwalire anawapereka pamaso pa ana onse atatu kwa mwana wawo wamkazi, chitsirizira, ndikungomusungira mpaka adzawafune.

A Mutuwabanja anaseka, kuseka kwa munthu amene waona potulukira. Anauza anthu a pampanda aja kuti mlongo wawoyo anasowa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, ali kamwana ka zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mwina mafupa ake anaola kalekale. Atelala anali atamvapo za mwana ameneyo kamodzi kokha. M'banjamo dzina lake silinkatchulidwa.

"Abwere yekha adzawatenge," anatero a Mutuwabanja. "Akabwera, ndimupatsa ndi manja awiri."

"Sanasowe," anatero mlendo uja. Anali ataimirira, mikanda ikugwa pamiyendo pake. "Munamukweza basi patatha sabata mayi ataikidwa. Munamupereka kwa anthu achilendo kuti azikawalerera ana, inu n'kugulitsa nyumba ndi zonse zam'katimo. Makina okhawa ndiwo anapulumuka, chifukwa achimwene ang'ono anawabisa kwa aphunzitsi awo. Anamufunafuna mlongo wawoyo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Atamupeza, iye anawalumbiritsa kuti asauze munthu, ngakhale mkazi wawo, chifukwa sankafuna kuti inu mudziwe ngakhale mtundu wa chitseko chake."

Anakwera m'lole, nsapato zachikopa zija zikuponda penti wouma. Anagwira mutu wa makina n'kuupendeketsa chagada pa mahinjesi ake, monga achitira munthu wofuna kuthira oilo. Kunsi kwake burashi sinafikeko. Pathabwa lakuda panali zilembo zokhotakhota, zozokotedwa ndi msomali, zina zoyang'ana chammbuyo.

"Tsiku limene mayi anandipatsa, achimwene ang'ono anandigwira dzanja kuti ndilembe dzina langa. Ndi chinthu choyamba chimene a Lembani analembetsa pamoyo wawo." Anatembenukira kwa Atelala. "Alamu anga, pepani pokusungitsani nsanje zaka zonsezi. Makinawa ndi anga, ndipo ndanena pamaso pa anthu onsewa kuti ndakupatsani. Bambo a inshuwalansi, mukonze pa mzere wa mwini wake."

Anatulutsa chiphaso chake m'chikwama chofiira, nachipereka kwa bamboyo. Iye anayang'ana chiphasocho, nayang'ana pathabwa, nagwedeza mutu.

Kwa nthawi yoyamba m'milungu itatu, a Mutuwabanja anakweza maso kuchoka pa nsapato, kudutsa suti, mpaka kumaso. Anaona mphumi ya mayi awo. Anaona kachipsera kapachibwano, kamene iwo omwe anakadziwa chiyambi chake. Dzanja lawo linatsetsereka lokha kuchoka pamakina.

"Munati mundipatsa ndi manja awiri, achimwene," anatero mlendoyo. "Koma yambani mwawerenga. Zaka zonsezi dzina langa simunalitchule. Mwina munaiwala katchulidwe kake."

Amuna awiri a pampanda anali atakwera kale kudzanyamula makinawo, ndipo Atelala anali atathamangira m'nyumba kukasesa pakona paja. A Mutuwabanja anawerama, nayandikitsa nkhope pathabwa, milomo ikugwedera ngati ya mwana wa sitandade wani. Sanayambe ndi "ine monga mutu wa banja." Anangowerenga zimene zinalembedwazo.

"Tinenenji."